Amene akuyamikira katunduyo, wamulipira ndani?

Kumapeto a sabata ina m'mwezi wa Malichi 2015, anthu otsegula Instagram m'dziko la America anayamba kuona diresi limodzimodzi paliponse. Uyu walivala, uyo walivala, wina uko walivalanso, ndipo onsewo anali anthu odziwika pa nkhani za zovala, otsatiridwa ndi khwimbi la anthu. Aliyense anajambulitsa mwa njira yake, ngati kuti wangodzuka m'mawa n'kutenga chovala chimene mtima wake wakonda. M'masiku awiri okha zithunzizo zinafika kwa anthu 11.4 miliyoni, ndipo diresilo linatha m'sitolo.

Chimene oonawo sanauzidwe n'chakuti anthu 50 onse amene anajambulitsa aja analandira diresilo kwaulere kuchokera ku sitolo ya Lord & Taylor. Pamwamba pake aliyense anapatsidwa ndalama, kuyambira madola 1,000 mpaka 4,000, ndipo kampaniyo inkayamba yaona chithunzi chilichonse chisanatuluke. Chaka chotsatira, bungwe la boma la America loteteza ogula, lotchedwa Federal Trade Commission kapena kuti FTC, linaimba mlandu sitoloyo kuti inanamiza anthu.

Wina angafunse kuti bodza lili pati. Diresi linalipodi, mtengo wake unali woona, palibe amene ananama za nsalu kapena kasokedwe. Bodzalo linali pa kubisa amene akulankhula. Wogulitsa nsomba pamsika akakuuzani kuti zake ndi za lero, mumamva ndi khutu limodzi, chifukwa mukudziwa kuti akufuna ndalama yanu. Koma mayi amene waima pambali panu akanena kuti anagula dzulo kwa yemweyo ndipo zinali zokoma, mumatsegula chikwama. Mawu a mayiyo akulemera chifukwa mukuganiza kuti alibe chopindula. Mutamva madzulo kuti mayiyo ndi mlamu wake wa wogulitsayo, ndipo amagawana phindu, mungadziwe kuti mwaberedwa, ngakhale nsombazo zitakhala zabwinodi. Chimene chabedwa ndi mwayi wanu woyeza mawuwo pa sikelo yoyenera. Malamulo onse amene ndikufuna kufotokoza pano akuteteza chinthu chimodzi chomwechi.

Bungwe la FTC linakhazikitsidwa mu 1914, ndipo mu 1938 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaliwonjezera mphamvu yothana ndi chinyengo chimene chikupweteka ogula. Mphamvu imeneyi ili m'gawo 5 la lamulo lokhazikitsa bungwelo, ndipo mawu ake ndi ochepa: machitidwe achinyengo kapena opanda chilungamo pa malonda ndi oletsedwa. Popeza mawu ochepa chotere samuuza wamalonda chochita Lolemba m'mawa, bungwelo linalemba malangizo apadera okhudza umboni wa pa malonda. Anayamba kutuluka mu 1975, n'kumalizidwa mu 1980. Masiku amenewo kunalibe Facebook kapena TikTok. Nkhawa inali pa anthu otchuka a pa wailesi yakanema ndi m'magazini. Mu 1978 woimba Pat Boone anagwa m'mavuto chifukwa choyamikira mankhwala a ziphuphu otchedwa Acne-Statin, amene sankachita zimene ankanenedwazo, ndipo anavomera kuthandiza kubweza ndalama kwa ogula. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti wochitira umboni nayenso ali ndi mlandu wake, sangangoloza kampani imene inamulemba ntchito.

Mfundo yoyamba ya malangizowo ndi yosavuta kumva. Umboni uyenera kukhala maganizo enieni a munthuyo, ndipo ngati akunena kuti amagwiritsa ntchito chinthucho, azichigwiritsadi ntchito. Izi zikumveka ngati zosafunika n'komwe kulemba, koma makampani akuluakulu amapunthwa pomwepa. Mu 2019 ndi 2020 Google inalipira nyumba zoulutsira mawu, makamaka za iHeartMedia, kuti aulutsi ake aziyamikira foni ya Pixel 4 ngati kuti ndi yawo. Anapatsidwa mawu oti awerenge, onena za zithunzi zokongola zimene ajambula usiku ndi foniyo, pomwe ambiri a iwo anali asanaigwirepo m'manja. Mauthenga otere anaulutsidwa pafupifupi ka 29,000. Mu 2022 makampani awiriwo anagwirizana ndi FTC kuti asiya, ndipo analipira madola 9.4 miliyoni ku maboma a zigawo zisanu ndi ziwiri za dzikolo. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa muulutsi wa pa wailesi ndi munthu amene timadzuka naye m'mawa uliwonse, timamudziwa kuseka kwake, ndipo akati “ine ndayesa” sitiganiza zofufuza.

Mfundo yachiwiri ndi imene inasintha kwambiri mu 2009, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa pamenepa munthu akhoza kunamiza dziko lonse popanda kunena bodza ngakhale limodzi. Tiyerekeze kampani yogulitsa tiyi wochepetsa thupi. Mwa anthu ambirimbiri amene anamwa tiyiyo, mmodzi anachepadi thupi kwambiri, mwina chifukwa nthawi yomweyo anayamba kuthamanga ndi kusala zonona. Kampaniyo imatenga munthu mmodziyo, kumujambula asanayambe ndi atamaliza, n'kumuika pamwamba pa tsamba lake. Umboni wake ndi woona. Koma woonayo amamva kuti naye akamwa tiyiyo zimuchitikira chimodzimodzi. Kwa zaka zambiri otsatsa malonda ankadziteteza polemba timawu ting'onoting'ono m'munsi, tonena kuti si onse amene amapeza zotsatira zotere, ndipo FTC inkalola. Kenako kafukufuku amene bungwelo linachititsa anasonyeza kuti timawuto sitinkasintha kanthu m'mitu ya anthu. Diso linkakhala pa chithunzi. Choncho kuyambira pa 1 Disembala 2009 chitetezo chimenecho chinachotsedwa. Lero wotsatsa malonda akaonetsa munthu amene zinamuyendera bwino koposa, ayenera kukhala ndi umboni woti anthu ambiri amapeza zomwezo, apo ayi anene poyera zimene munthu wamba angayembekezere. Izi zikugwiranso ntchito pa maphunziro a pa intaneti olonjeza kulemera msanga, kumene mumaonetsedwa munthu mmodzi amene anagula galimoto m'miyezi itatu koma osauzidwa za mazana amene anataya ndalama zawo zolembetsera.

Chaka chomwecho cha 2009 ndi pamene malangizowa anatchula koyamba anthu wamba olemba pa intaneti, ndipo panabuka phokoso lalikulu. Ambiri ankati boma likulowerera ufulu wolankhula, ndipo n'zosamveka kuti munthu wolemba za mabuku kapena zodzoladzola ali m'chipinda chake azitengedwa ngati kampani yotsatsa malonda. Yankho la FTC linali lakuti palibe amene akuletsedwa kulandira mphatso kapena malipiro. Chofunika ndi kunena. Ngati pali ubale pakati pa woyamikira ndi wogulitsa, ubale woti omvera sakuuyembekezera ndipo ataudziwa angayeze mawuwo mosiyana, ubalewo uululidwe.

Ubale umenewu si ndalama zokha. Katundu waulere ndi ubale. Ulendo wolipiridwa, chipinda cha ku hotela, kuchotseredwa mtengo, mwayi wopambana mphoto, zonsezi ndi ubale. Kukhala wantchito wa kampaniyo kapena wachibale wa mwini wake ndi ubale. Linki imene munthu amaika m'munsi mwa kanema wake, yoti aliyense akagula kudzera pamenepo iye amadyapo kangachepe, ndi ubale waukulu ndithu, chifukwa munthuyo amapindula pokhapokha inu mukagula. Mlandu woyamba wotchuka pambuyo pa kusinthaku unali wa kampani ya Reverb Communications mu 2010, imene antchito ake ankalemba ndemanga zoyamikira masewero a pa foni pa iTunes, sitolo ya pa intaneti ya kampani ya Apple, ngati kuti ndi ogula wamba, pomwe eni masewerowo anali makasitomala a kampani yawo. Mu 2011 Legacy Learning Systems, yogulitsa maphunziro oimba gitala, inalipira madola 250,000 chifukwa anthu amene ankadya komishoni pa malonda ake ankalemba ngati oyesa katundu osakondera mbali. Ndipo mu 2017 anyamata awiri otchuka pa YouTube, Trevor Martin ndi Thomas Cassell, anapezeka akulimbikitsa owatsatira kutchova juga pa tsamba la CSGO Lotto, akudzionetsa akupambana, osanena kuti tsambalo ndi lawo lomwe.

Otsatsa malonda atazindikira kuti kuulula n'kosathawika, nkhondo inasamukira pa funso lakuti uulule pati ndiponso motani. Warner Bros. inalipira anthu a pa YouTube, kuphatikizapo PewDiePie, kuti aonetse sewero lake latsopano la pa kompyuta, koma mawu onena za malipirowo nthawi zambiri ankakhala m'munsi mwa kanema, pamalo oti munthu sangawaone asanadine kuti aone zambiri. FTC inati mu 2016 kuulula kotere sikukwanira. Mu Epulo 2017 bungwelo linatumiza makalata oposa 90 kwa anthu otchuka pa Instagram ndi makampani owalipira, kuwachenjeza za machenjera omwewa: kukwirira mawu oululawo pakati pa ma hashtag ambirimbiri, kulemba zidule ngati #sp zimene munthu wamba sangazimve, kapena kungothokoza kampani ngati kuti yachita chifundo. Malangizo atakonzedwanso mu Juni 2023, anafotokoza momveka: kuulula kukhale kovuta kukuphonya ndi kosavuta kukumva. Ngati kuyamikirako kwalankhulidwa pakamwa, kuululako kumvekenso m'makutu. Ngati kwaonetsedwa pa chithunzi, kuoneke pa chithunzipo. Ngakhale kachizindikiro kamene Instagram kapena TikTok imapereka kosonyeza kuti uthengawu ndi wolipiridwa, FTC imati mwina sikangakwanire pakokha ngati anthu sakukaona.

Pali malo ena kumene ngakhale kulemba kuti “awa ndi malonda” sikukwanira. Mu Juni 2021 Kim Kardashian, mayi wotchuka pa wailesi yakanema ku America, anatsatsa pa Instagram ndalama ya pa intaneti yotchedwa EthereumMax, ndipo analembadi #AD. Koma malamulo a America okhudza kugulitsa masheya ndi zinthu zofanana nawo amafuna kuti wotsatsa anene ndi kuchuluka kwa ndalama imene walandira. Iye sananene kuti analipidwa madola 250,000. Bungwe lina la boma, la SEC, loyang'anira malonda a masheya, linamutsata, ndipo mu Okutobala 2022 anavomera kulipira madola 1.26 miliyoni. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene wagula sopo woipa wataya ndalama ya tsiku limodzi, koma amene waika chuma chake pa ndalama yopanda maziko akhoza kutaya zonse zimene anasunga.

Tsono pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo n'chimene chimafotokoza chifukwa chake chinyengo chinkapitirira ngakhale milandu inali kuchuluka. Malangizo aja pawokha si lamulo lokhala ndi chindapusa. Amangosonyeza mmene FTC imamvera gawo 5 lija. Kampani ikagwidwa koyamba, kawirikawiri inkangosaina pangano loti sidzachitanso, ndipo chindapusa chinkabwera pokhapokha ikaphwanya panganolo. Lord & Taylor sinalipire kalikonse, diresi litatha kale m'sitolo. Kampani ya zodzoladzola ya Sunday Riley, imene mwini wake ankauza antchito kuti atsegule maakaunti abodza n'kumalemba ndemanga zabwino pa tsamba la sitolo ya Sephora, inagwirizana ndi FTC mu 2019 popanda kubweza ndalama, moti akuluakulu awiri a FTC yomweyo anatsutsa poyera kuti chigamulo chotere chikuuza amalonda kuti kunama kuli ndi phindu. Ine ndimagwirizana nawo. Wamalonda amawerengetsa, akaona kuti chilango n'chochepa kuposa phindu, chilangocho amachitenga ngati msonkho wa pamsika. Ndipo amene amavutika si ogula okha, komanso wamalonda woona mtima amene ndemanga zake zenizeni zimamira pansi pa zogula za mnzake.

Nthawi zina FTC inkakwanitsa kulanda ndalama kudzera m'makhoti. Kampani ya tiyi ya Teami, imene inkanena zabodza za mphamvu ya tiyi wake pa thanzi ndi kulipira anthu otchuka ngati woimba Cardi B, inagamulidwa mu 2020 kuti ilipire madola 15.2 miliyoni, ngakhale inapereka 1 miliyoni yokha chifukwa chosowa ndalama. Koma mu Epulo 2021 khoti lalikulu kwambiri la America, pa mlandu wa AMG Capital Management, linagamula mogwirizana oweruza onse asanu ndi anayi kuti ndime imene FTC inkadalira kwa zaka pafupifupi 40 pobwezera ogula ndalama siinapereke mphamvu imeneyo. Bungwelo linatsala ngati mlonda amene walandidwa chibonga. Linayamba kufufuza njira zina. Mu Okutobala chaka chomwecho linatumiza chenjezo kwa makampani oposa 700, pogwiritsa ntchito ndime yakale yolola chindapusa kwa amene wachita chinthu akudziwa kale kuti chinagamulidwa kuti n'chinyengo. Kenako linayamba ntchito yaitali yolemba lamulo lenileni.

Lamulolo linalengezedwa mu Ogasiti 2024, makomishonala onse asanu atalivomereza, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 21 Okutobala 2024. Limaletsa kulemba, kugula kapena kugulitsa ndemanga zabodza, kuphatikizapo za anthu amene kulibe, monga zolembedwa ndi makina a AI, ndi za anthu amene sanagwiritsepo ntchito katunduyo. Limaletsa kulipira munthu pomuuza kuti ndemanga yake ikhale yoyamikira, kapena yonyoza katundu wa mnzako. Bwana kapena manijala wa kampani sangalembe ngati wogula wamba osanena kuti ndi wa m'nyumba momwemo. Kampani singatsegule tsamba looneka ngati loima palokha loyerekeza katundu wa makampani osiyanasiyana pomwe ndi lake. Kugula otsatira abodza pa masamba a mchezo pofuna kuoneka wotchuka pa malonda nakonso n'koletsedwa. Mu 2024 chindapusa chinkatha kufika madola 51,744 pa kulakwa kulikonse, ndipo malire amenewa amakwezedwa potsatira kukwera kwa mitengo. Kwa kampani imene yagula ndemanga zabodza mazanamazana, masamu aja tsopano atembenuka.

Mbali ina ya lamuloli imene ndimaiona kuti ndi yofunika ngati zinazo ndi yokhudza kutseka pakamwa odandaula. Kubisa choipa n'chimodzimodzi ndi kupeka chabwino. Sitolo ya zovala ya Fashion Nova, kuyambira 2015 mpaka 2019, inkalola kuti ndemanga za nyenyezi zinayi ndi zisanu zizituluka zokha pa tsamba lake, pomwe zotsika kuposa apo zinkasungidwa osatulutsidwa, ndipo zinafika mazana a zikwi. Wogula ankaona ngati aliyense ndi wokhutira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Januwale 2022 sitoloyo inavomera kulipira madola 4.2 miliyoni. Lamulo lina la mu 2016 linali litaletsa kale makampani kuika m'mapangano awo mawu oletsa kasitomala kudandaula poyera, ndipo la 2024 linawonjezera kuti kuopseza munthu ndi milandu yopanda maziko kuti afufute ndemanga yake n'kulakwa.

Maiko ena ayenda njira yofanana. Ku Britain, lamulo la mu 2024 lokhudza misika ya pa intaneti ndi ogula linaletsa ndemanga zabodza kuyambira mu Epulo 2025, ndipo bungwe la boma loyang'anira mpikisano pa malonda, la CMA, likhoza kulipiritsa kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene imapeza pa chaka padziko lonse, osadikira khoti. Ku South Africa bungwe la Advertising Regulatory Board, limene linayamba mu 2018, lili ndi malamulo ofuna kuti uthenga wolipiridwa pa masamba a mchezo uzidziwika kuti ndi malonda. Abale athu okhala ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Texas amene amatsatsa mawigi, mafuta odzola kapena ntchito zotumiza ndalama kumudzi ali pansi pa malamulo a kumene akukhalako, kaya akulankhula Chingerezi kaya Chichewa. FTC imanenanso kuti ngakhale munthu ali kunja kwa America, lamulo lake limamukhudza ngati n'zodziwikiratu kuti uthenga wake ufika kwa ogula a m'dzikolo. Imawonjezera kuti kuulula kukhale m'chiyankhulo chomwecho chimene kuyamikirako kwachitikira, kutanthauza kuti woyamikira m'Chichewa aululenso m'Chichewa.

Ku Malawi nkhani ya mphamvu za bungwe loteteza ogula inayenda mofanana modabwitsa ndi ya ku America. Lamulo la mu 1998 limene linakhazikitsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) linkaletsa kale kunamiza ogula, koma mu 2023 khoti linagamula kuti lamulolo silinapatse bungwelo mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano mu 2024 limene linapereka mphamvuyo. Choncho wogula amene wanamizidwa ndi umboni wopeka, kaya pa Facebook, pa WhatsApp kapena pa wailesi, ali ndi khomo logogoda.

Patsala funso limodzi limene kuulula sikuliyankha, ndipo FTC yomwe inavomereza zimenezi pamene inkakonza malangizo ake mu 2023. Mfundo yonse ya kuulula yatsamira pa chikhulupiriro chakuti womvera akauzidwa kuti uyu walipidwa, atha kuchepetsa kulemera kwa mawuwo m'mutu mwake. Munthu wamkulu angathe. Nanga mwana wa zaka zisanu amene akuonera mwana mnzake akutsegula bokosi la zidole pa YouTube? Sadziwa kuwerenga mawu a pa kanemayo, ndipo ngakhale atawamva akulankhulidwa, sakudziwa kuti kulipidwa kumasintha zimene munthu amanena. Malangizo a 2023 anawonjezera ndime yaifupi yonena kuti umboni wolunjika kwa ana ndi wodetsa nkhawa mwapadera, ndipo zimene zingaloledwe kwa akuluakulu zikhoza kukhala zosaloledwa kwa ana. Chakumapeto kwa chaka chomwecho antchito a bungwelo analangiza kuti njira yabwino ndi kusasakaniza n'komwe malonda ndi zosangalatsa m'makanema a ana, kuti mwana aziona bwinobwino pamene sewero lathera ndi pamene kugulitsa kwayambira. Amenewo akadali malangizo chabe, opanda chindapusa chawochawo.